Diso la m'mlengalenga losaiwala: mmene masetilaiti amatsatira kukula kwa mizinda

Mwana amene ukukhala naye m'nyumba suona kuti akukula. Amazindikira ndi mlendo amene anamusiya akukwawa n'kudzamupeza akuthamanga. Mzinda nawo uli chimodzimodzi. Lero munthu waumba njerwa pamalo pamene panali munda, mawa wina wakhoma malata, chaka chamawa padutsa kamsewu ka fumbi. Palibe tsiku limene aliyense amadzuka n'kunena kuti mzinda wakula. Koma pakapita zaka 20, malo amene ankadyetserako ziweto amakhala atasanduka dera la anthu masauzande, ndipo ukafunsa kuti zinayamba liti, aliyense amatchula chaka chake.

Pamafunika mboni imene imabwera mobwerezabwereza, kuyang'ana malo omwewo ndi diso lomwelo, n'kusunga zimene yaona popanda kuiwala kapena kukometsera. Ntchito imeneyi ndi imene masetilaiti ojambula dziko lapansi akhala akugwira kwa zaka zoposa 50.

Nkhaniyi si yaing'ono. Bungwe la United Nations linawerengera kuti m'chaka cha 2018, anthu 55 pa 100 alionse padziko lapansi ankakhala m'mizinda ndi m'matauni, ndipo pofika 2050 akhoza kufika 68 pa 100 alionse. Ambiri mwa anthu owonjezerekawo adzakhala ku Asia ndi ku Africa. Onsewa adzafuna pogona, msewu, madzi ndi sukulu. Ndipo nthaka ikangothiridwa konkire kapena phula, n'kovuta kwambiri kuti idzakhalenso munda kapena dambo. Zimene mzinda wasankha m'zaka khumi zimakhalapo mpaka kwa zidzukulu.

Mmene zinayambira

Pa 23 July 1972, bungwe la NASA la ku America linatumiza m'mlengalenga setilaiti imene pambuyo pake inatchedwa Landsat 1. Cholinga chake chinali kujambula nthaka, osati mitambo ngati mmene ankachitira masetilaiti a zanyengo. Chipangizo chimene chinagwira ntchito yaikulu pa setilaitiyo chinakonzedwa motsogoleredwa ndi mayi wina katswiri wa sayansi, Virginia Norwood, ndipo poyamba chinkaonedwa ngati chongoyeserera. Chinaposa kamera imene anthu ankaidalira. Kuchokera pamenepo masetilaiti a Landsat akhala akusinthana ntchito mosadukiza. Landsat 5 inatumizidwa mu 1984, inapangidwa kuti igwire ntchito zaka zitatu zokha, koma inafika mpaka 2013. Panopa zikugwira ntchito ndi Landsat 8 ya mu 2013 ndi Landsat 9 ya mu 2021.

Iliyonse ya ziwirizi imauluka pamtunda wa makilomita 705 kuchokera pansi, imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 99, ndipo ikamadutsa imajambula mzere wa nthaka wa makilomita 185 m'lifupi. Pakatha masiku 16 imabwereranso pamalo omwe aja. Njira yake inasankhidwa mwadala kuti izidutsa pamalo alionse nthawi yofanana, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Izi zingaoneke ngati zosafunika, koma ndiye maziko a ntchito yonse. Dzuwa likakhala pamalo ofanana, mithunzi imakhalanso yofanana, choncho kusiyana kumene ukuona pakati pa chithunzi cha chaka chino ndi cha zaka khumi zapitazo kumachokera pa nthakayo, osati pa nthawi yojambulira.

Kwa zaka zambiri zithunzizi zinkagulitsidwa, ndipo mtengo wake unkachititsa kuti wofufuza agule ziwiri kapena zitatu basi. Mu 2008 bungwe la USGS, la boma la America limene limasunga zithunzi za Landsat, linatsegula nkhokwe yonse kuti aliyense azitengamo ulele. Ine ndimaona kuti chisankho chimenechi chinasintha zinthu kuposa chipangizo chilichonse chatsopano. Kuyambira pamenepo munthu akhoza kutenga zithunzi zonse za malo amodzi, mazanamazana, n'kuziunjika motsatana ngati masamba a buku.

Chithunzi chimene kwenikweni ndi manambala

Tikamati chithunzi cha setilaiti, ambiri timaganiza za foto wamba yojambulidwa kuchokera pamwamba. Si choncho kwenikweni. Chipangizocho chimagawa nthaka m'timabokosi tofanana, totchedwa pixel, ndipo pa kabokosi kalikonse chimayeza kuchuluka kwa kuwala kwa dzuwa kumene nthakayo yabweza. Chimayeza kuwala kofiira pakokha, kobiriwira pakokha, kwa buluu pakokha, kenako n'kupitirira kuyeza kuwala kumene maso athu sakuona, kotchedwa infrared. Choncho kabokosi kamodzi kamakhala ndi manambala angapo, ndipo manambalawo ndiwo amaulula chimene chili pansi.

Tsamba lamoyo limameza kuwala kofiira chifukwa limakugwiritsa ntchito popanga chakudya, koma limabweza kwambiri kuwala kwa infrared. Madzi amameza infrared pafupifupi yonse, n'chifukwa chake pa zithunzi zotere mtsinje umaoneka bii. Konkire, phula ndi madenga sizikhala ndi kusiyana kwakukulu pakati pa kuwala kofiira ndi infrared ngati mmene tsamba lilili. Akatswiri amagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku powerengera nambala yotchedwa NDVI: amachotsa kuwala kofiira pa infrared, n'kugawa yankholo ndi zonse ziwiri zitaphatikizidwa. Yankho limakhala pakati pa -1 ndi 1. Nkhalango yowirira imapereka nambala yapamwamba, nthaka yopanda kanthu ndi madenga zimatsikira cha ku 0, ndipo madzi nthawi zambiri amapita pansi pa 0.

Tsopano tiyeni titenge kabokosi kamodzi ka m'mphepete mwa mzinda, tikatsatire chaka ndi chaka. M'zaka zoyambirira nambala yake imakwera mvula ikagwa, n'kutsika akakolola, kukweranso, kutsikanso, ngati munthu amene akupuma. Umenewo ndi munda. Ndiyeno chaka china mvula ikubwera koma nambala ija sikukwera ngati kale, ikungofika pakati. Mwina mbali ina ya munda ija yalambulidwa ndipo akuumbapo njerwa. Chaka chotsatira kupuma kuja kwachepanso. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi mzere wa manambala aja wagona pansi phee, dzinja ndi chilimwe chimodzimodzi, ndipo kabokosiko kayamba kuwala kwambiri chifukwa cha madenga. Nthawi zina patapita zaka khumi nambala ija imayambanso kukwera pang'onopang'ono: mitengo imene anthu anadzala pakhomo yakula. Mbiri yonse ya malowo ili m'mzere umodzi wa manambala, ndipo kompyuta ikhoza kuwerenga mizere yotere mamiliyoni ambiri nthawi imodzi, n'kuloza chaka chimene kabokosi kalikonse kanasiya kupuma.

Kukula kwa kabokosiko n'kofunika kukudziwa. Ka Landsat ndi mamita 30 mbali zonse, kutanthauza kuti hekitala imodzi imakwana timabokosi 11 tokha. Nyumba imodzi sungaione, koma dera la nyumba zambiri limaoneka bwino. Masetilaiti a Sentinel-2 a ku Ulaya, amene yoyamba yake inatumizidwa mu 2015 pansi pa pulogalamu ya Copernicus, ali ndi timabokosi ta mamita 10 ndipo amabwerera pamalo amodzi masiku asanu alionse. Nawonso zithunzi zake n'zaulele. Makampani ogulitsa zithunzi amapitirira apo: WorldView-3, ya mu 2014, imaona timabokosi ta masentimita pafupifupi 30, moti galimoto imaoneka payokha.

Munthu akaona zithunzi zakuthwa chonchi amafulumira kunyoza za Landsat kuti n'zosaoneka bwino. Kumeneko n'kulakwitsa. Chithunzi chakuthwa chimakuuza mmene malo alili lero. Funso la kukula kwa mzinda ndi lakuti malowa anali bwanji kale ndipo anasintha liti, ndipo funso limeneli limayankhidwa ndi amene anayamba kalekale kuyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene kompyuta imasokonezeka

Kuti manambala aja asanduke mapu osonyeza kuti apa ndi nyumba, apa munda, apa nkhalango, pamafunika kuphunzitsa kompyuta. Munthu amasankha malo mazana angapo amene akuwadziwa bwino, n'kuiuza kuti ichi ndi chakuti. Kompyutayo imaphunzira manambala a mtundu uliwonse n'kugawa timabokosi totsala tonse. Kenako amatenga malo ena amene sanawagwiritse ntchito pophunzitsa, n'kuyesa kuti kompyutayo yalondola pangati. Mapu alionse opanda umboni wa kuyesa kumeneku musamawakhulupirire msanga, ngakhale ataoneka okongola bwanji.

Zolakwika zake n'zodziwika ndipo zimabwerezabwereza. Munda wokolola m'chilimwe, wouma gwa, umabweza kuwala mofanana kwambiri ndi dera la madenga. Mukayerekeza chithunzi cha m'dzinja cha 1995 ndi cha m'chilimwe cha 2020, mudzapeza mzinda waukulu umene kulibe. Thanthwe, mchenga wa mumtsinje ndi malo okumbapo miyala nazonso zimanamiza. Palinso vuto lobwerera mbali inayo, limene limandidetsa nkhawa kwambiri: nyumba zofolera ndi udzu kapena zamadenga a dothi zimafanana ndi nthaka yozizungulira, ndipo nyumba zing'onozing'ono zimene zili pansi pa mitengo zimabisika. Ndiye kuti anthu osauka ndi amene amasowa mosavuta pa mapu, pomwe ndi omwewo amene amafunika kuwerengedwa kuti awafikitsire madzi ndi chipatala.

M'mphepete mwa mzinda, kumene kusintha kumachitika kwambiri, ndi kumenenso kabokosi kamodzi kamakhala ndi zinthu zosakanikirana: kanyumba, kadimba, mtengo ndi njira, zonse m'mamita 30. Kompyuta ikakakamizidwa kusankha dzina limodzi imangotola lililonse. N'chifukwa chake mapu ena amakono, monga a Global Human Settlement Layer a bungwe lofufuza la European Commission, amene amayambira mu 1975, amanena kuti ndi gawo lalikulu bwanji la kabokosiko limene lamangidwapo, m'malo mongoti mzinda kapena ayi.

Ndiye pali mitambo. M'madera otentha a mvula yambiri pakhoza kudutsa miyezi popanda chithunzi choyera. Akatswiri amatolera tizidutswa topanda mitambo kuchokera pa zithunzi zambiri n'kutilumikiza kukhala chimodzi. Njira ina ndi radar, ngati ya Sentinel-1 imene inayamba mu 2014. Radar siidikira dzuwa. Imatumiza mafunde akeake n'kumvetsera akamabwerera, ndipo mafundewo amaboola mitambo, usana ndi usiku. Makoma oimirira amawabweza mwamphamvu, choncho nyumba zimawala pa chithunzi cha radar pomwe munda wouma uja umakhala wakuda. Zimene diso limodzi lasokoneza, linalo limakonza. Zipangizo nazo zimawonongeka: mu May 2003 kachipangizo kena ka mu Landsat 7 kanafa, ndipo kuyambira pamenepo zithunzi zake zinkatuluka ndi mizere yopanda kanthu yokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Zimene zaoneka

Mukatsatira zithunzi za Shenzhen ku China kuyambira cha m'ma 1980, pamene boma linasankha malowo kukhala dera lapadera la zamalonda, mumaona minda, maiwe a nsomba ndi timapiri zikusanduka misewu ndi mafakitale, ndipo gombe likusuntha kulowa m'nyanja chifukwa cha kukwirira. Kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 17 miliyoni mumzindawo. Ku America, chigawo cha Clark, kumene kuli mzinda wa Las Vegas, chinali ndi anthu osakwana 300,000 mu 1970 ndipo pofika 2020 anapitirira 2 miliyoni. Pa zithunzi, mizere ya misewu imafalikira m'chipululu pomwe madzi a m'nyanja ya Mead, imene mzindawo umamwa, akuphwa n'kusiya mkombero woyera m'mbali. Ku Egypt nkhani yake ndi yowawa mwa mtundu wina. Pafupifupi anthu onse amakhala m'chigwa cha Nile ndi kumatsiriro ake, komwenso kuli nthaka yachonde. Zithunzi zimaonetsa midzi ndi matauni zikufufuma ngati madontho otuwa pakati pa zobiriwira mpaka kulumikizana, ndipo dontho lililonse likakula ndiye kuti munda wachepa.

Zitsanzo zimenezi n'zogometsa, koma phunziro lalikulu linachokera poyerekeza mizinda yambiri pamodzi. Kafukufuku wotchedwa Atlas of Urban Expansion, wa New York University mogwirizana ndi UN-Habitat ndi Lincoln Institute of Land Policy, anayeza mizinda 200 pogwiritsa ntchito zithunzi za Landsat. Anapeza kuti m'mizinda yambiri malo omangidwa akukula mofulumira kuposa chiwerengero cha anthu. Kunena kwina, munthu aliyense wa mumzinda akutenga nthaka yambiri kuposa kale. Izi zimadabwitsa munthu amene amapanikizika tsiku ndi tsiku pakati pa tauni, koma n'zoona chifukwa kukula kwenikweni kumachitikira kunja, kumene mapuloti ndi otchipa. Mzinda ukamwazikana chonchi, paipi iliyonse ya madzi, waya wa magetsi ndi msewu zimayenera kutalika kuti zifikire anthu ochepa, ndipo wogwira ntchito amathera ndalama ndi nthawi paulendo. N'chifukwa chake pa zolinga za chitukuko za United Nations pali muyezo wa 11.3.1, umene umayerekeza liwiro la kudyeka kwa nthaka ndi liwiro la kuchuluka kwa anthu. Popanda masetilaiti muyezo umenewu sukanatheka kuwerengedwa mofanana m'mayiko onse.

Zithunzi zimaonetsanso kakulidwe kake. Pali kudzaza mipata imene inatsala mkati mwa mzinda, pali kufutukuka kuchokera m'mphepete, ndiye pali kudumpha, pamene nyumba zimamera patali n'kusiya malo opanda kanthu pakati. Msewu watsopano ndiwo umatsogolera nthawi zambiri. Zomwezi zimaoneka ngakhale kunkhalango: ku Rondônia ku Brazil, kudula mitengo kunatsatira msewu waukulu ndi timisewu tanthambi mpaka chithunzi chake chinafanana ndi minga ya nsomba. Bungwe la dzikolo lofufuza za m'mlengalenga la INPE lakhala likuyeza kutha kwa nkhalango ya Amazon chaka chilichonse kuyambira 1988, ndipo mu 2004 linayamba kupereka machenjezo achangu kwa oteteza nkhalango.

Pali maso enanso. Zithunzi za usiku zimaonetsa magetsi, ndipo akatswiri a zachuma amazigwiritsa ntchito poyerekeza mmene ntchito zamalonda zikukulira, ngakhale kuti dera la anthu ambiri lopanda magetsi limaoneka ngati thengo. Zipangizo zoyeza kutentha zimaonetsa kuti madera a madenga ndi phula okhaokha amatentha kwambiri kuposa a mitengo. Radar imatha kuyeza ngakhale kutitimira kwa nthaka ndi masentimita, ndipo yaonetsa mbali zina za mizinda ya Jakarta ku Indonesia ndi Mexico City zikumira chifukwa chopopa kwambiri madzi a pansi.

Kwa ine, phindu limene limakhudza moyo wa munthu mwachindunji ndi la madzi osefukira. Dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Likamangidwapo, madziwo amathamanga pamwamba pa konkire n'kukasonkhana kumunsi nthawi imodzi. Munthu amene akugula puloti m'chilimwe amaona malo ouma, osalala bwino. Chithunzi cha zaka 30 zapitazo chimaonetsa kuti pamenepo pankadutsa mtsinje kapena pankaima madzi miyezi itatu pachaka. Madzi saiwala khwawa. Khonsolo imene ingaike mapu akale a madzi pamwamba pa mapu a nyumba zatsopano ikhoza kudziwa mabanja amene ali pangozi mvula isanagwe.

Denga limaoneka, za m'nyumba ayi

Pali malire amodzi amene chipangizo chilichonse sichingawadumphe. Setilaiti imaona chimene chaphimba nthaka, osati ntchito imene anthu akuigwiritsira. Udzu wobiriwira ukhoza kukhala busa, bwalo la mpira kapena manda. Denga lalikulu likhoza kukhala sukulu, tchalitchi kapena nyumba yosungiramo katundu. Nyumba ziwiri zofanana kukula, ina mukukhala anthu awiri, ina khumi ndi awiri. Chithunzi sichinena mwini malo, sichinena ngati anagula kapena analanda, ngati ali ndi chikalata, kapena chimene chinamuchotsa kumene anali. Ngakhale mawu akuti mzinda alibe tanthauzo limodzi: dziko lina limayambira pa anthu mazana ochepa, lina pa masauzande ambiri, ndipo mapu awiri a malo amodzi akhoza kusiyana kwambiri chifukwa cha pamene aliyense anadula mzere. Mayankho a zonsezi ali pansi, m'kalembera, m'mabuku a za malo ndi m'kamwa mwa anthu okhala pamalopo.

Ndipo chithunzi chomwecho chikhoza kugwira ntchito ziwiri zotsutsana. Mapu a dera limene anthu anamanga popanda chilolezo akhoza kuthandiza kuwerenga mabanja kuti alandire madzi, ngalande ndi katemera. Akhozanso kukhala m'manja mwa amene akukonza zowagumulira. Nthawi zina chithunzi chimakhala umboni wokhawo wotsala. Mu 2005 boma la Zimbabwe linagumula nyumba zambiri pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina. Chaka chotsatira bungwe la asayansi la ku America la AAAS ndi bungwe loteteza ufulu wa anthu la Amnesty International anatulutsa zithunzi ziwiri za Porta Farm, kufupi ndi Harare. Cha 2002 chikuonetsa nyumba mazanamazana ndi tinjira take. Cha 2006 chikuonetsa tchire, tinjira tija tikuonekabe pang'ono koma nyumba palibe. Anthu amene ankakhala pamenepo anali atanena kale zimene zinawachitikira, ndipo chithunzicho chinachititsa kuti kukhale kovuta kuwatsutsa.

N'chifukwa chake ndimaona kuti n'kofunika kuti luso lowerenga zithunzizi lisakhale la akatswiri a m'mayiko olemera okha, kapena la maofesi a boma okha. Kompyuta yophunzitsidwa ndi madenga a ku Ulaya imalephera ikakumana ndi mamangidwe a kwina, ndipo amene angaikonze ndi munthu wodziwa malowo, amene akaona kadontho kowala amatha kunena kuti apa si nyumba, ndi pouma njerwa.

Khomo lake ndi lotsegula. Google Earth ili ndi mbali yoonetsa kusintha kwa malo alionse kuyambira 1984. Zithunzi za Sentinel zimapezeka pa Copernicus Browser, za Landsat pa EarthExplorer, ndipo pulogalamu ya QGIS yopangira mapu ndi yaulele. Woyamba kumene asankhe malo amene akuwadziwa ndi mapazi, atenge zithunzi ziwiri za mwezi wofanana koma zotalikirana zaka 15 kapena 20, ajambule malire a nyumba pa chilichonse, kenako asindikize mapuwo n'kupita nawo kwa munthu amene wakhala m'deralo nthawi yaitali kuti amuuze pamene kompyuta yalondola ndi pamene yaphonya.